Pakati pa Loyera ndi Lakuda

Ndinasonkha nawo, ndisaname.
Chaka chimene fodya anayenda bwino ku Chinkhoma
ndinapatula theka la belo,
abusa anawerenga dzina langa kutsogolo,
anthu n'kuwomba m'manja.
Kiyibodi inabwera pa kabaza itakulungidwa m'bulangete
ngati mwana wopita kusikelo,
masipika awiri akutsatira pa ngolo ya a Kamphinda.

Sindinadziwe kuti ndikugula
chodzanditseka pakamwa.

Kale kuno ku Santhe nyimbo inkayamba ndi kutsokomola.
Enelesi, mayi wa ana anga,
ankakhala benchi lachitatu kumbali ya azimayi,
pafupi ndi zenera losweka lija.
Akatchula nambala, iye ankameza malovu
n'kuponya mawu oyamba m'mwamba
monga ankaponyera mtedza m'lichero,
ife abambo n'kuwawakha m'munsi, mochedwa,
tikukoka ndime ngati ng'ombe zochokera kudambo zitakhuta.
Panalibe wothamangira kwina.
Ndime zisanu zinali zisanu ndithu.

Lero mwana wanga Lameki akadina batani
zimatuluka ng'oma zopanda chikopa, zosawamba pamoto,
atsikana anayi ovala zofanana agwira maiki,
mzere umodzi kuubwereza, kuubwereza,
mpaka mileme ya kudenga inasamuka.
Achinyamata akudzaza mpaka pakhomo, ndikuvomera,
ngakhale aja ankaswera bawo pagolosale.
Mwana wa a Zefaniya, uja anasiya kachasu,
amalira misozi yeniyeni pa nyimbo zomwezo.
Ndine yani kuti ndiyeze misozi ya munthu?
Koma ine ndimaima ndi buku langa lothothoka chikuto,
risiti ya fetereza ili pa tsamba
limene tinaimba pomuika Enelesi,
milomo ikuyenda, mawu anga osawamva ndi mwini yemwe.

Lachinayi lapitali, titatha kusankha fodya m'chigafa,
Lameki anabwera nayo kunyumba
n'kuilumikiza ku batire ya sola.
Anati, Bambo, nyimbo ija ankaikonda amayi,
tandiimbireni, ndiipeze.
Ndinakana kawiri.
Kachitatu ndinatsokomola.

Anandilondola ndi zala, pang'onopang'ono,
ng'oma zake zija atazizimitsa.
Mzere woyamba anaupeza. Wachiwiri anaupeza.
Pa wachitatu, paja mayi ake ankatsetsereka
ngati munthu wotsika mtunda atasenza ndowa yodzaza,
anadina loyera, ayi.
Anadina lakuda, ayinso.
Anabwereza, n'kundiyang'ana:
Bambo, mukuphonya ndinu.
Ndinati, mpingo wonse unaphonya choncho zaka makumi atatu
ndipo Mulungu sanatibwezere.

Anaseka. Kenaka anasiya kuseka.
Anachotsa manja pa mabatani
n'kuimba malowo ndi pakamwa pake,
ndipo anatsetsereka ndendende,
mwana amene ndinkayesa ankangogona kumsana
masiku onse aja a benchi lachitatu.
Mawu a Enelesi kutulukira pakhosi
pa mnyamata wa ndevu!
Ndinatuluka panja ngati ndikukaona mbuzi.

Lamulungu likudzali akuti aiika pa pulogalamu,
pakati pa zopereka ndi ulaliki.
Akuti ayamba ndi kiyibodi,
pa mzere wachitatu akweza manja, atisiye tokha.
Sindikudziwa ngati atsikana a maiki adikira,
kapena ngati a m'badwo wanga tatsala okwanira
kunyamula mzere umodzi osaugwetsa.
Ndawerenga: tilipo asanu ndi awiri,
a Kamphinda mano anatha,
a Dorika mpweya umawathera pakati pa ndime.

Komabe jekete ndasita.
Usiku uno ndikumwa madzi otentha a mandimu,
ndipo risiti ija ndaisiya pomwe inali.